Madzi m'ndiwo ndi masheya a timakampani ta mafuta osaononga chilengedwe

Masabata atatu ndakhala ndikulimbana ndi phunziro la dilution, kuchepa kwa gawo lako m'kampani ikatulutsa masheya atsopano, koma yandilowa m'mutu dzulo, osati m'kalasi ayi, pa msika wa Kapata ku Chipata. Ndimadya nsima pomwe mayi wophika anathira madzi m'poto wa nkhuku poona kuti anthu achuluka. Nkhuku ndi yomweyo, mbale zachuluka, msuzi wapyapyala. Ndinangoti, "Ndi zimenezitu!" mpaka mayiwo anandiyang'ana modabwa.

Sheya ndi kagawo ka umwini wa kampani; zambiri sindifotokoza, m'kalasi mwathu tinazidutsa temu yatha. Nkhani ndi iyi. Kakampani kopanga ethanol, biogas kapena nkhuni zoumba kuchokera ku utuchi kamadya ndalama zaka zingapo kasanagulitse kanthu kooneka. Banki imachita mantha kukakongoza. Ndiye ndalama zikatha kamatulutsa masheya atsopano. Tiyerekeze pali masheya 1,000, ine ndili ndi 100, gawo langa ndi 10 peresenti. Akatulutsa ena 1,000 ine osagulako, ndatsala ndi 5 peresenti. Palibe wandibera, pepala langa likadali lomwe lija, koma m'mbale mwanga mwalowa madzi.

Pomwe ndimasokonezeka mpakuti ndimayesa kuti kuthira kulikonse nkoipa. Ayi. Ngati obwera kumenewo agula sheya pamtengo wabwino, abwera ndi nkhuku yawo, poto wakula. Akagula motchipa chifukwa kampani yapanikizika, abwera ndi kapu ya madzi basi. Funso lonse lagona pa mtengo umene alowera.

Zandikumbutsa msatsimanga, uja ena amati jatropha. Akuluakulu kuno kum'mawa kwa Zambia akukumbukira momwe alimi anaubzalira atamva kuti mafuta ake adzayendetsa magalimoto. D1 Oils, kampani ya mafuta a msatsimanga, inalowa pamsika wa masheya ku London mu 2004, inagwirizana ndi kampani yaikulu ya mafuta ya BP mu 2007, pofika 2009 BP n'kuchokamo. Mtengowu umachedwa kubereka ndipo zokolola zinachepa kusiyana ndi zomwe ankayembekeza. Komanso mgolo wa mafuta, womwe unafika pafupifupi madola 147 mu July 2008, unatsika kufika pansi pa madola 40 chaka chomwecho chisanathe. Pamenepo ndani angakupatse ndalama pamtengo wabwino? Koma taonani kwa anzathu a ku Malawi, kuwoloka chipata cha Mwami: fakitale ya ethanol ya ku Dwangwa ikugwira ntchito kuyambira 1982, yayandikana ndi fakitale ya shuga, molasesi, zotsalira za shuga zopangira ethanol, ali pakhomo. Sadikira msatsimanga kuti ukule.

Tsopano ndili ndi kanjira kanga komwe ndikukakonda mwina mopitirira. Ndimatenga ndalama zomwe kampani ili nazo, kugawa ndi zomwe imadya pamwezi. Yankho ndi miyezi yomwe yatsala asanabwere ndi kapu ya madzi. Ikachepera 12, ndimatseka lipotilo osawerenganso za makina awo, kaya akhale okongola chotani. Kunena zoona, ndikuona ngati samu imodziyi ikuposa mutu wonse wachisanu wa buku lathu.

Chondiwawa nchakuti aphunzitsi athu akanatha kunena izi m'mphindi zisanu. Amabwera mochedwa, kudzaza bolodi ndi mafomula, ukafunsa akuti "zili m'manotsi". Enafe timachoka kuntchito dzuwa litapendeka, kufika kunyumba magetsi palibe, kuwerenga ndi tochi ya foni, mawa kalasi. Zitsanzo zawonso zonse nza ku America, pomwe njinga za malasha zikudutsa pawindo la kalasi m'mawa ndi madzulo.

Komabe usiku wathawu kanjira kanga kanandisowetsa tulo. Ndikakatsata mokhwima, pafupifupi kakampani kalikonse koyamba kumene kalephera mayeso, ngakhale kaja kamene tsiku lina kadzachotse malasha pa mbaula zathu. Ndiye wogula sheya yoyamba adzakhala ndani? Mwina pafunika kuikamo ndalama zokhazo zomwe zitatayika sungagone ndi njala, osati za chilimba, zija timasonkherana mosinthana. Kapena pali samu ina yomwe sindinaifikebe. Mayeso ali Lachisanu, ndipo za valuation, kuwerengera mtengo woyenera wa kampani, sindinaziyambe n'komwe.