Ndinapita ku Msonkhano ku Kabula, Foni Ndinabwera Nayo

Kalata yondiitana inafika pa WhatsApp Lachiwiri madzulo ndili pa sikelo, ndikulandira soya wa mamembala. Ndine mlembi wa kopaletivi ya alimi kuno ku Mchinji, ndipo msonkhanowo unali wa masiku atatu, wokambirana za misika ya mbewu, cha ku Chichiri mumzinda wa Blantyre. Ku Lilongwe ndimapondako pafupipafupi, koma ku Kabula ndinali nditafikako kamodzi kokha, ndili mtsikana, pa ulendo wa kwaya, ndipo nthawi imeneyo ankatiyenda nafe ngati anapiye. Uno unali ulendo wa ndekha.

Akuba anayamba kundipeza ndisanachape n'komwe zovala za paulendo. Lachinayi m'mawa foni inalira, nambala yachilendo, mawu a bambo aulemu wake. Ananditchula dzina lonse, mutu wa msonkhano anautchulanso osaphonya. Akuti, "Mayi, zipinda zatsala zochepa. Tumizani kangachepe kosungitsira malo pa nambala ino, tidzakubwezerani limodzi ndi alawansi." Kunena zoona ndinali nditayamba kale kuwerengera mumtima kuti ndili ndi zingati mufoni. Chinandiimitsa n'chakuti bamboyo ankandifulumizitsa kwambiri, akuti pofika 10 koloko akhala atapereka chipindacho kwa wina. Ndinadula, n'kuimba nambala ya ofesi imene inali pa kalata, kenako ndinaimbiranso alangizi athu amene anapereka dzina langa. Onse anayankha chimodzimodzi: palibe amene akulipiritsa kalikonse. Dzina langa analipeza bwanji? Okonza msonkhano anatiika tonse m'gulu limodzi la WhatsApp, ndipo linki yolowera inkangoyenda paliponse. Mayi wina wa ku Salima anatumiza ndithu, tinadzamva titafika.

Za basi ndinakangana nazo ndi bambo a kunyumba. Iwo ankati ndinyamuke Lamlungu masana kuti ndisawononge tsiku. Ine ndinawerengera: kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Blantyre ndi makilomita opitirira 300, maola anayi kapena asanu basi ikayenda bwino, ndipo unali mwezi wa June pamene dzuwa limalowa anthu asanaweruke bwinobwino. Basi ya padepoti imene imadikira kudzaza ikhoza kukusungani maola atatu injini ikungolira kuti muziyesa inyamuka. Ndiye ndinapita Loweruka kukagona kwa achemwali anga ku Kawale, tikiti ndinagula tsiku lomwelo ya basi yonyamuka pa nthawi yake, m'mawa. Inali yodulirapo. Ndalama imeneyo sindinaidandaule mpaka lero, chifukwa chimene ndinagula ndi kufika kukuwala.

Achemwali ndi amene anandikonzera chikwama, ngati ndikupita ku ukwati. Ndalama anazigawa patatu: zochepa za minibasi ndi madzi m'kachikwama ka m'manja, zina m'kathumba kosokerera mkati mwa siketi, zambiri zinalowa mu Airtel Money. Chiphaso cha unzika anati chisakhale limodzi ndi ndalama, kuti wakuba akatenga chimodzi asatenge zonse. Anandilembetsanso papepala nambala zisanu, kuphatikizapo 997 ya apolisi. Ndinaseka, koma atandifunsa nambala ya mwamuna wanga pamtima ndinakakamira pa manambala atatu omaliza. Anandibwerekanso kafoni ka mabatani. Akuti, "Iyi yaikuluyi uziitulutsa uli m'nyumba. Pamsewu uziyankha aka, palibe angakathamangire."

Msewu wake ndi wosavuta kuutsata. Mudutsa pa toll gate ya Kalinyeke ku Dedza, kenako Lizulu pamene msika wa mbatata ndi kabichi umafika m'mphepete mwa phula, uku Malawi uku Mozambique, kenako Ntcheu, toll gate ina ya Chingeni, Phalula, mpaka mlatho wa Shire pa Zalewa pomwe pali rodibuloko ya apolisi. Basi ikaima pamalo pamene ogulitsa amadzaza pazenera, chikwama chizikhala pamiyendo, lamba wake mutamukulunga padzanja. Mnzanga wapampando anandipatsa chakumwa chotsegula kale, ndinathokoza n'kunena kuti ndili ndi shuga. Ndilibe shuga ine. Mwina anali munthu wabwinobwino, koma sindinafune kuti ndidziwire pa thupi langa.

Pa Zalewa ndinatumiza uthenga kwa mwana wa alongo anga amene amaphunzira ku MUBAS, ija tinkaitcha Poly, kuti ayambe kunyamuka. Tinadutsa Lunzu, Kameza, n'kutsika pa depoti ya Wenela cha m'ma 1 koloko. Mnyamatayo kunalibe.

Mphindi makumi awiri zimene ndinamudikira ndi zimene zinali zovuta pa ulendo wonse wopita. Ukangoponda pansi anthu amakuzungulira: "Mayi, takisi! Anti, kabaza! Tikunyamulireni!" Wina dzanja lili kale pa chikwama. Ambiri mwa anyamatawa akungosaka ya ufa, si akuba, koma m'chipwirikiti chimenechi ndi momwe wakuba amabisalamo, ndipo amayang'ana nkhope imene ikucheukacheuka. Ndinayankha mawu amodzi okha, "Akunditenga," osaima, n'kupita kukakhala pafupi ndi mayi wina wogulitsa nthochi ndi mtedza. Ndinagula nthochi ziwiri. Mayiyo anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Achemwali, ndinu alendo eti? Chikwamacho ikani kuno kumbuyo kwanga." Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma m'tauni umasankha womufunsa. Ine ndinkafunsa munthu amene ali ndi malo ake oti mawa ndikhoza kumupezanso pomwepo: mayi wa pa benchi, mlonda wa pasitolo, wa kabokosi ka mayunitsi. Amene wabwera yekha kudzandithandiza ndisanamuitane, ameneyo ayi.

Mwanayo atafika, thukuta lili kamukamu, anandiphunzitsa mzinda wonse tili mu minibasi, ndipo phunziro lakelo linandichotsa mantha kuposa china chilichonse. Akuti Blantyre ndi matauni awiri, Blantyre ndi Limbe, amene anawaphatikiza mu 1956, ndipo chingwe chowamanga ndi msewu wa Masauko Chipembere, umene aliyense amangoti Highway. Ukachoka m'tauni kulowera ku Limbe udutsa Clock Tower, chipatala cha Gulupu pa Ginnery Corner, Poly, Chichiri pomwe pali Kamuzu Stadium ndi bwalo la Trade Fair, kenako Maselema. Phiri la Ndirande likhala kumanzere, la Soche kumanja. "Azakhali, mukasokonekera muyang'ane mapiri, musayang'ane foni." Anandionetsanso dala mbali ya phiri la Soche imene inagumuka ndi namondwe wa Freddy mu March 2023, kukwirira anthu ku Chilobwe. Tinakhala chete pang'ono.

Ku loji, cha ku Chitawira, sindinalandire kiyi ndisanaone chipinda. Choyamba chimene anandionetsa chinali ndi zenera loyang'ana kumpanda wa kuseri ndipo loko wake ankasewera. Ndinapempha china, pafupi ndi polandirira alendo, chokhala ndi chitsulo chokokera mkati. Mtsikana wa pa kauntala anakwinya nkhope, koma anandipatsa. Mlonda wa usiku ndinamupatsa moni ndi nthochi yotsala ija, n'kumufunsa wa takisi amene eni malowo amamudziwa. Anandipatsa nambala ya bambo wina wachikulire. Usiku womwewo magetsi anazima, ndipo tochi ya kafoni ka achemwali kaja inagwira ntchito.

Chimene ndinkachiopa ndi chimene chinatsala pang'ono kundivulaza zinali zosiyana. Ndinkaopa anyamata a zikwanje amene timawamva pa wailesi. Koma Lolemba m'mawa, chiperoni chikuwaza, msewu uli terere, ndinatsala pang'ono kugundidwa ndi njinga yamoto powoloka Highway. Ndinayang'ana galimoto, osadziwa kuti akabaza amatulukira pakati pa mizere iwiri, ena m'mbali mwenimweni moyenda anthu. Kuyambira pamenepo ndinkawoloka m'gulu, pambali pa ana asukulu ndi amayi a mabeseni amene amaudziwa msewuwo. Kabaza ndinakwera kamodzi kokha, masana, wa pa siteji, wokhala ndi chipewa chachiwiri, ndipo ndinamuuza ndisanakwere kuti, "Achimwene, sindikuchedwa, ndili ndi ana." Mu minibasi ndinkapewa kuimba foni pazenera lotsegula, makamaka pa siteji pamene galimoto imayenda pang'onopang'ono.

Ku msonkhano anatipatsa mabaji a mayina ndi zikwama zokongola zolembedwa mutu wa msonkhano. Anzanga ankayenda nazo m'tauni monyadira, baji ili lende pakhosi. Chimenecho ndi chikwangwani chouza aliyense kuti uyu ndi mlendo, dzina lake ndi ili, ndipo posachedwa alandira envelopu ya alawansi. Munthu akakuitana ndi dzina lako pamsewu umaima, umayesa ndi wakwanu. Ine baji ndinkavula pageti, chikwamacho n'kuchipinda kulowetsa m'jumbo wamba.

Pali nkhani ina imene amayi sitiikamba mokweza. Lachiwiri kunali chakudya chamadzulo chimene chinatha cha m'ma 9. Bambo wina wa pamsonkhano pomwepo, wa tayi, amene masana analankhula zanzeru ndithu, anati andiperekeze pa galimoto yake. Ndinati, "Zikomo bambo, tilipo atatu, wa takisi wathu ali m'njira." Tinalidi atatu, chifukwa masana ndinali nditagwirizana kale ndi amayi awiri ogona dera lomwelo, wina wa ku Mzimba wina wa ku Phalombe. Takisi itafika ndinalemba nambala yake n'kutumiza kwa mwana uja, dalaivala akuona, ndipo sanakhumudwe. Cha m'ma 11 foni inalira: bambo aja, nambala yanga atatenga pa pepala losainira, akufunsa kuti ndili chipinda chiti. Sindinayankhe funsolo. M'mawa ndinakauza mayi amene ankatsogolera okonza msonkhano, ndipo pepala lija analichotsa patebulo pomwe aliyense ankaliwerenga. Timachenjezana za anthu a pamsewu, koma amene ali ndi nambala yako ndiponso akudziwa kumene ukugona ndi amene wakhala naye m'holo tsiku lonse.

Lachitatu linali tsiku la envelopu. Akabaza pageti ankadziwa, ogulitsa mayunitsi ankadziwa, ndipo anthu ena amene sitinawaonepo masiku awiri apitawo anayamba kuzungulirazungulira. Ndalama zanga ndinakawerengera kuchimbudzi, n'kukaziika mufoni kwa ejenti wapafupi ndisanakwere chilichonse, ndipo sindinachoke pa kabokosi mpaka uthenga wotsimikiza utalowa. PIN ndinailemba nditaphimba ndi dzanja. Amadula kangachepe potapa, inde, koma ndalama ya mufoni ngakhale foniyo itabedwa umakabwezeretsa nambala ndi chiphaso chako n'kuipeza.

Ndiye mayi wa ku Mzimba uja anati sangabwerere kwawo osagula zitenje ku Limbe. Ndinavomera pokhapokha tipite nthawi yomweyo, 2 koloko, osati madzulo. Tikuyenda pafupi ndi msika, bambo wina patsogolo pathu anagwetsa mpukutu wa ndalama womanga ndi labala, n'kumapitirira ngati sanamve. Mnyamata wina anautola msangamsanga, n'kutiyang'ana: "Amayi, mwaona nokha. Musakuwe. Tiyeni kuseriku tigawane." Mnzangayo phazi linali litatembenuka kale. Sindimunena, chifukwa nanenso mtima unagunda, pamwamba pake panali ya K5,000 yatsopano. Masewerawa amatha chonchi: mukafika kuseri mwini ndalama uja amatulukira, akuti mwamubera, aliyense atulutse zimene ali nazo kuti aone ngati ndi zake, ndipo zanu zimapita pamene mpukutuwo m'kati mwake ndi mapepala. Achemwali anali atandifotokozera ku Kawale. Ndinamugwira mnzanga padzanja mwamphamvu n'kulowa naye musitolo ya nsalu yoyamba imene ndinaiona, tinakaima pafupi ndi mlonda. Titatuluka, onse awiri kunalibe. Mnzangayo anakhala chete mpaka pa siteji, kenako anaseka mpaka misozi, akuti envelopu yake yonse inali m'kamisolo ndipo akanaitulutsa yekha.

Ambiri anathamangira mabasi a usiku womwewo kuti apulumutse ndalama ya loji. Ine ndinalipira usiku wina, ndinagona chitsulo chili chokoka, ndipo bambo wachikulire wa takisi uja anabwera 6 koloko m'mawa monga tinapanganira. Pa Lizulu ndinagula ndowa ya mbatata ya kachewere kudzera pazenera, ndalama yochokera m'kachikwama ka m'manja, lamba ali padzanja. Nditafika ku Kawale achemwali sanafunse za msonkhano. Anatambasula dzanja kuti ndiwabwezere kafoni kawo, n'kundiuza kuti nditchule nambala ya alamu awo pamtima. Ndinakakamiranso pa atatu omaliza aja.