Abale, tsegulani bakapu yanu muione

Ndinkadzitama kuti mafayilo a pa shopu yanga ku Kapata ndi otetezeka, poti ndinakonza kuti kompyuta izipanga bakapu, kutanthauza kuwakopera yokha pa draivu yakunja, Lachisanu lililonse nthawi ya 20:00. Dzulo ndati ndisuzumire, ndapeza kuti zomaliza zinalowa miyezi iwiri yapitayo. Mtima unangoti myuu!

Chifukwa chake n'chochititsa manyazi. Mphwanga analowetsa fulashi yake ya nyimbo, Windows n'kuipatsa chilembo E, draivu yanga n'kukhala F. Task Scheduler, pulogalamu ya Windows yomwe imayambitsa ntchito pa nthawi yoikika, inkafunabe draivu ya chilembo E, n'kumalephera osandiuza kanthu. Ndalowa mu Disk Management, momwe amasinthira zilembo za madraivu, n'kuipatsa draivu yangayo chilembo Z, kutali komwe mafulashi safikako.

Komanso nthawi imeneyo magetsi amakonda kukhala atathima. Mu Task Scheduler ndachonga kabokosi koti ntchito ikaphonya nthawi yake, iyambe kompyuta ikangoyaka.

Chandiwawa kwambiri ndi mavidiyo a maukwati a anthu. Draivuyo inali ya FAT32, njira yosungira mafayilo yomwe imakana fayilo yoposa 4GB, ndiye aakuluwo sankalowa n'komwe. Ndaifomata kukhala NTFS, njira ina yomwe imalola mafayilo aakulu, koma ndinayamba ndasamutsa zonse, paja kufomata kumafufuta.

Ndagulanso draivu yachiwiri, imeneyo izigona kunyumba. Mphwangayo ndamuuza kuti nyimbo zake azimvera pa foni.