Pamthunzi pakhala ndani? Zimene ndaphunzira pa zomangamanga ndi maso a wochemerera mpira

Pa maphunziro a zomangamanga amene ndikuchita mumzinda wa Tete muno, phunziro limene landigwira mtima chaka chino ndi la kayang'anitsidwe ka nyumba: khomo liloze kuti, mazenera akhale mbali iti, dzuwa la masana ligwere pa khoma liti. Anzanga ambiri amalipeputsa poyerekeza ndi masamu a zitsulo ndi konkire. Kwa ine ndi limene lakumanitsa sukulu ndi mpira, zinthu zimene kunyumba ankandiuza kuti siziyendera limodzi.

Kwathu ndi ku Angónia, ndipo timu yanga ndi União Desportiva do Songo. Tsiku lina aphunzitsi anafunsa chifukwa chake mabwalo a mpira omangidwa mwadongosolo amagona kuchokera kumpoto kupita kumwera. M'kalasi munangoti zii. Yankho ndinali nalo, chifukwa ndinaonapo goloboyi akuphonya mpira wam'mwamba dzuwa litamuthobwa m'maso. Masewero athu amayamba dzuwa litapendeka, ndiye magolo akaloza kum'mawa ndi kumadzulo, timu imodzi imavutika theka lonse la masewero. Koma aphunzitsi anawonjezera china chimene chinandikhalitsa chete. Malo adenga, okhala akuluakulu ndi a tikiti yodula, amamangidwa kumadzulo kwa bwalo kuti dzuwa liziwaomba kumsana. Ife a tikiti yotchipa timakhala kum'mawa, dzuwa lili pamphumi. Izi zinagamulidwa pa pepala, maziko asanakumbidwe n'komwe. Munthu wina anagwira pensulo n'kusankha amene adzapse.

Kuchokera tsiku limenelo, chomangidwa chilichonse ndimachifunsa funso lomwelo: wojambula anaika ndani pamthunzi? Ku Tete funsoli si lamasewera. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo ife ozolowera mphepo ya kumapiri a ku Ulongwe timagona pabwalo tikangofika kumene.

Anatituma kukayeza nyumba zakale za pakati pa mzinda. Makoma ake ndi ochindikala, amiyala ndi laimu, denga lili pamwamba kwambiri, khonde lili lalikulu. Khoma lochindikala limamwa kutentha pang'onopang'ono. Pofika nthawi yoti kulowe m'kati, kunja kwayamba kale kuzizira. Linga la São Tiago Maior, m'mbali mwa Zambezi, ndi tchalitchi cha ku Boroma, kumene ansembe a chipani cha Yesu anatsegula mishoni m'zaka za m'ma 1880, zaima mpaka lero chifukwa cha kamangidwe koteroko. Mabuku amati anamanga ndi Apwitikizi kapena amishoni. Koma miyalayo anasenza ndi anthu a kuno, laimu anaotcha ndi anthu a kuno, ndipo mayina awo sanalembedwe pa khoma lililonse. Ndimayamikira luso la nyumbazo popanda kusirira nthawi imene zinamangidwa.

Chimene chinandisangalatsa n'chakuti nzeru yomweyo ili m'nyumba ya agogo anga kumudzi. Zidina, denga laudzu lotsika mpaka kuphimba khonde lozungulira nyumba yonse, pansi pozira bwino. Mvula siifika pakhoma, dzuwa la masana siliomba chipupa. Nditawafotokozera zimene taphunzira, agogo anangoti, "Mdzukulu wanga, nyumba yopanda khonde imadyedwa ndi mvula kuyambira kumapazi." Sindikunena kuti tibwerere ku udzu. Udzu umapsa, chiswe chimaudya, ndipo masiku ano wofolera wabwino akusowa. Koma nyumba zimene tikumanga m'madera atsopano a mzindawu, za mabuloko opyapyala, malata otsika opanda siling'i, mazenera aakulu agalasi oloza kumadzulo, ndi zozunza amene akhalamo. Mwini wake amawononga ndalama pomanga, kenako n'kumawononganso pogula fani ndi magetsi oyiyendetsa. Kutalikitsa denga ndi theka la mita, kusiya timipata totulutsa mpweya wotentha pamwamba pa khoma, kubzala mtengo kumadzulo: zonsezi mtengo wake ndi wochepa kuposa mageti okongola amene timathamangira.

Tsopano ndifike pa damu, pamene mtima wanga umagawanika.

Damu la Cahora Bassa, la pa mtsinje wa Zambezi pafupi ndi tauni ya Songo, linayamba kumangidwa mu 1969 ndipo madzi anayamba kudzaza kumapeto kwa 1974. Khoma lake ndi lotalika mamita 171, ndipo pamwamba pake ndi mamita 303 kuchokera tsidya lino kufika tsidya linalo. Poona kuchuluka kwa madzi amene latsekereza, khomalo ndi lopyapyala modabwitsa. Chinsinsi ndi kupindika kwake. Linakhota ngati uta, msana wake utaloza kumene madzi akuchokera, choncho madzi akamalikankha, mphamvuyo imapita m'matanthwe a mbali zonse ziwiri za chigwembe. Kwenikweni amene agwira Zambezi pamenepo ndi mapiri. Konkire ingopereka katunduyo kwa iwo. N'chifukwa chake damu lotere silingamangidwe paliponse, limafuna pamene mtsinje wapanikizika pakati pa miyala yolimba. Makina asanu opukusa magetsi ali m'phanga lokumbidwa m'kati mwa phiri, aliyense wa mamegawati 415, onse pamodzi 2,075. Tsiku limene ndinamvetsa masamu a khoma limenelo ndinabwerera kogona ndili wonyada kuti chinthu chotere chili m'chigawo chathu.

Koma funso langa lija silinandisiye. Magetsiwo anajambulidwa kuti apite kuti? Nthambo zake zimayenda makilomita pafupifupi 1,400 kukafika ku Apollo, pafupi ndi Johannesburg. Damulo linamangidwa ndi boma la atsamunda kuti ligulitse magetsi ku South Africa ya tsankho, komanso kuti likhazikitse ulamuliro wake m'chigwa cha Zambezi pamene Frelimo inali itatsegula nkhondo ku Tete mu 1968. Anthu oposa 25,000 anachotsedwa m'minda yawo ya m'mbali mwa mtsinje n'kukaunjikidwa m'midzi yolonderedwa ndi asilikali. Tauni ya Songo nayo inagawidwa: azungu m'nyumba zabwino, antchito akuda m'tizinyumba tamalata. Ndipo pa 16 Disembala 1972, simenti ikuthiridwa ku Songo, asilikali a Chipwitikizi anapha anthu osachepera 385 ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, kufupi ndi mzinda uno. Panapita zaka 50 kuti nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, apepese mu 2022. M'buku lathu la zomangamanga mulibe tsamba la Wiriyamu, koma ine sindingathenso kuwerenga za damulo osakumbukira kuti zinachitika nthawi imodzi, m'chigawo chimodzi.

Nanga timu yanga? Ndi mwana wa damu lomwelo. Kale inkatchedwa HCB Songo, potengera kampani yoyendetsa damu, ndipo mphamvu zake zimachokera kumeneko. Pa 27 Novembala 2007 gawo lalikulu la kampaniyo linachoka m'manja mwa Portugal kubwera m'manja mwa Mozambique. Patatha zaka khumi, mu 2017, Songo inatenga Moçambola, ligi yaikulu ya dziko lino, koyamba pansi pa mphunzitsi Chiquinho Conde, chaka chimodzi itatenga chikho cha Taça de Moçambique. Inabwerezanso mu 2018 ndi mu 2022. Amene sanakulire kuno sangamvetse kulemera kwa zimenezi. Kwa zaka zambiri chikho chinkangozungulira pakati pa matimu a ku Maputo, Costa do Sol, Maxaquene, Ferroviário, Desportivo, ife n'kumamvera pa wailesi ngati nkhani za dziko lina. Ana ambiri a ku Angónia ndi Tsangano ankadziwa bwino osewera a Bullets ndi Wanderers a ku Malawi kuposa a dziko lawo, chifukwa wailesi za tsidya linalo n'zimene zinkamveka bwino, ndipo makolo athu ambiri anakhala kumeneko pothawa nkhondo mpaka mtendere wa 1992 utabwera. Songo itapambana, anyamata kumsika anayamba kuvala malaya a timu ya m'chigawo chawo. Chimwemwe chimenecho chinali chenicheni ndipo sindichita nacho manyazi.

Chokhacho, ndimaona kuti mpira wasonyeza zimene ndalama za damu zingachite zikatsala kuno. Ngati zingabweretse osewera abwino pamwamba pa phiri, makilomita pafupifupi 150 kuchokera ku Tete, zingathenso kufikitsa nthambo m'midzi imene mpaka lero imatsatira masewero a Songo pa wailesi yamabatire. Sindikufuna kuti timu ilandidwe thandizo. Ndikufuna kuti chikho chisatitseke pakamwa pa zotsalazo. Ndipo ndimamvera chisoni Chingale, timu ya mumzinda muno, imene ochemerera ake ndi ambiri koma ilibe damu kumbuyo kwake.

Za milatho ndingodutsa mwachangu. Mlatho wa Samora Machel, wa pa Zambezi mumzinda muno, wojambulidwa ndi Edgar Cardoso ndi kumalizidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, umalendewera pa zingwe zachitsulo ndipo umagwedera galimoto yolemera ikamadutsa. Kugwederako n'kwadala, chouma gwa chikanathyoka. Sunapangidwire magalimoto ochuluka onyamula katundu wa ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, n'chifukwa chake mlatho wa Kassuende, wotsegulidwa mu 2014, unaupumitsa. Koma umene watiphunzitsa zowawa ndi wa pa Revúbuè, wolumikiza Tete ndi Moatize, umene unaduka mu Januwale 2022 pa nthawi ya namondwe wa Ana. Aphunzitsi anatiuza kuti milatho yambiri sigwa chifukwa cha katundu wapamwamba, imagwa chifukwa madzi akumba dothi pansi pa mizati ndi m'mapeto mwake. Mbali imeneyo siioneka pa chithunzi cha tsiku lotsegulira.

Nkhani imene inandipweteka kwambiri ndi ya ku Cateme. Pamene kampani ya Vale inkatsegula mgodi wa malasha ku Moatize, mabanja oposa 700 anasamutsidwira kumeneko cha m'ma 2009 ndi 2010, makilomita pafupifupi 40 kuchokera kumene ankapezera ndalama. Posakhalitsa makoma a nyumba zatsopanozo anayamba kung'aluka, madenga kudontha, ndipo anthu ankadandaulanso za minda yosabereka ndi madzi osowa. Mu Januwale 2012 anatseka njanji ya malasha. M'kalasi tinaphunzira zimene zimang'alula khoma: maziko osazama, dothi lamakande limene limafufuma nthawi ya dzinja n'kunyala m'chilimwe, konkire yothiridwa dzuwa lili paliwombo n'kusiyidwa osathiriridwa. Konkire imafuna kukhala yonyowa pafupifupi sabata yathunthu, ndipo mphamvu yake timaiyeza pa tsiku la 28. Pa kutentha kwa kuno, ukaisiya tsiku limodzi lokha yauma kunja isanakhwime m'kati. Zimenezi mmisiri aliyense amazidziwa. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri mwa osamutsidwa kuchokera ku Chipanga, dera la ku Moatize, anali oumba ndi kuotcha njerwa, anthu odziwa dothi kuposa ife ophunzira tonse, koma anamangiridwa nyumba ndi ena, iwo akuonerera. Vale inagulitsa mgodiwo kwa Vulcan mu 2022. Kampani imasintha dzina pachipata; banja limatsala ndi khoma lomwelo.

N'chifukwa chake nkhani ya Mphanda Nkuwa ndimaitsatira mwachidwi ngati tebulo la ligi. Damu latsopanoli lakonzedwa kuti limangidwe makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwa Cahora Bassa, la mamegawati 1,500, ndipo mu Disembala 2023 boma linasainirana mgwirizano ndi makampani akunja a EDF, TotalEnergies ndi Sumitomo. Ine sindidana nalo. Mwina ena a ife a m'kalasi muno tidzapeza ntchito kumeneko, ndipo dziko likufunadi magetsi. Koma ndikufuna kuona mapulani a nyumba za osamutsidwa akukambidwa poyera mofanana ndi mapulani a khoma, asodzi ndi alimi a m'madimba atakhala nawo pa msonkhano pensulo isanagwire pepala. Ndikufunanso kumva kuti ndi midzi iti ya ku Marara, Chiúta ndi Changara imene idzayake, osati mayiko okha amene adzagule.

Ntchito yanga yomalizira chaka ndasankha bwalo la mpira la kwathu, lafumbi, limene Lamulungu lililonse limadzaza anthu ochokera m'midzi yozungulira. Ndaligoneka kumpoto ndi kumwera, mamita 105 kwa 68, lotsetsereka pang'ono kuchokera pakati kuti madzi asadikhe, chifukwa ku Angónia mvula ndi yambiri kuposa kuno kuchigwa. Ndalama ya denga imakwanira mbali imodzi yokha, choncho ndaika masitepe onse okhalapo kumadzulo, opanda mpanda wolekanitsa akuluakulu ndi anthu wamba, ndipo kum'mawa ndasiya mzere wa mitengo. Aphunzitsi atayang'ana anandifunsa kuti, "Nanga amayi ogulitsa mbatata yokazinga ndi thobwa mwawaika pati? Zimbudzi zawo zili kuti? Madzi atunga kuti?" Ndinawayankha kuti ndawaika pafupi ndi chipata, pamene pamadutsa anthu ambiri. Iwo anati chimenecho ndi chiganizo changa, osati cha amayiwo. Tchuthi chikubwerachi ndikwera chapa, minibasi ya ku Ulongwe, ndi tepi yoyezera ndi pulaniyo, ndikakhale nawo pansi masewero asanayambe, andisonyeze okha pamene mphepo imaulutsira utsi wa mbaula zawo ndi pamene makasitomala amaima nthawi yopuma.