Laputopu ikamakwawa mukangobaya tchaja, musathamangire kufomata

Pali vuto lina la ma laputopu lomwe limasokoneza anthu mitu chifukwa limachitika mozondoka. Tinazolowera kuti makina akakhala pa batire amafookako, ukawabaya ku magetsi ndiye amathamanga. Koma ili ayi, pa batire zonse zili bhobho, ungolumikiza tchaja basi Chrome sikutseguka, Word ikutulutsa zilembo iwe utasiya kalekale kutayipa, makina onse kuyenda ngati bilimankhwe. Mwana wa achemwali anga yemwe akuphunzira pa Chanco, amakhala ku Chikanda uko, wabwera nalo posachedwapa atafomatitsa kale mtauni, ndalama yapita, mafayilo ena apita, vuto lili pompo.

Musanapatse munthu ndalama, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, Task Manager itseguka, pitani pa Performance kenako CPU (ndiye pulosesa, ubongo wa makinawo) muone pomwe alemba Speed. Mukapeza 0.79 GHz kapena 0.39 GHz ndipo nambalayo sikusuntha olo mutsegule chani, zulani tchaja muonenso. Ikadumpha kufika 2 kapena 3 GHz ndiye dziwani kuti si vairasi iyi, komanso Windows ilibe mlandu kwenikweni, pulosesa yachita kuuzidwa kuti ichepetse liwiro.

Ma pulosesa a Intel akatentha kuyandikira madigiri 100 amadzichepetsa okha kuti asapse. Koma pali kanjira kena kotchedwa BD PROCHOT komwe zida zina za pa motherboard (bolodi lalikulu la mkati mwa laputopu), monga chip yoyang'anira magetsi kapena sensa ya batire, zimatha kutumizira uthenga womwewo ku pulosesa, ndiye iyo imangomvera osafunsa, olo ili pa madigiri 45 yoziziratu. N'chifukwa chake ukagwira makinawo sakutentha, fani ili phee, koma ntchito palibe.

Nanga amene akutumiza uthengawo wakhumudwa ndi chani? Kwa ine woyamba kumukayikira ndi tchaja. Ma laputopu ambiri tili nawo kuno ndi ogwiritsidwapo kale ntchito kunja, ndipo tchaja yomwe amakupatsa pogula nthawi zambiri siyomwe inabwera ndi makinawo, angotola yomwe yalowa pa bowo. Yang'anani mkati mwa kamutu kozungulira ka tchaja ya Dell kapena HP muona kapini kakang'ono pakati. Kapini kameneko sikotchajira, ntchito yake ndi kuuza laputopu kuti tchaja iyi ndi ya mawati angati. Kakapindika, kapena kawaya kake kakaduka mkati chifukwa cha kukulunga thambo mothinitsa kuja timachita poika mchikwama, kapena tchajayo ndi feki, makina amalephera kuizindikira ndiye amasankha kudziteteza, amatsitsa sipidi ndipo pa Dell batire imathanso kusiya kudzadza, kumangoima pa peresenti yomweyo.

Pa Dell kuyeza kwake nkosavuta, zimitsani, yatsani mukudina F2 mulowe mu BIOS (tsamba la ma setting a makina lomwe limabwera Windows isanatseguke), pezani pomwe alemba za AC adapter. Payenera kuoneka mawati a tchajayo, monga 45W, 65W kapena 90W. Pakalembedwa Unknown mwamupeza wakubayo. Kwa mwana wa achemwali anga uja zinali zomwezo, tinabwereka tchaja ya orijino kwa mnzake wa mu hostel, BIOS nkulemba 65W, sipidi nkubwerera nthawi yomweyo. Koma mukayesa tchaja yabwino ya mnzanu nkumalembabe Unknown, vuto lili pa bowo la laputopu lobayapo tchajalo, pa makina ambiri kameneka ndi kachida kapadera ka waya wake, amakasintha osakhudza motherboard.

Mawatiwo mutha kuwerenga nokha kumsana kwa tchaja, ma volt kuchulukitsa ndi ma amp. 19.5V ndi 3.34A zikupereka 65W, 19.5V ndi 4.62A ndi 90W. Makina ofuna 90W ukawapatsa ya 45W olo ikhale ya orijino bwanji adzakwawabe. Enanu a USB-C amene mumabaya laputopu pa tchaja ya foni, nkhani ndi yomweyi, kulowa sikutanthauza kuti ikukwanira. (Komanso magetsi akazima muzizula tchaja pa khoma, pobwera paja nthawi zina amabwera ndi ukali.)

Pali tina ting'onoting'ono toti muyese tosalira ndalama. Mu Power Options ya mu Control Panel, pa advanced settings, onani kuti Maximum processor state ili pa 100% mbali ya plugged in. Zimitsani makina, chotsani tchaja ndi batire ngati ili yochotseka, gwirani batani loyatsira masekondi 30, nthawi zina kachip ka magetsi kaja kamangofuna kudzutsidwa. Fumbi la mu Okutobala nalonso limatseka fani, mupemerere. Batire ikatupa mpaka touchpad kutukuka, imeneyo ichotsedwe lero lomwe, musadikire.

Tsopano za ThrottleStop, poti ndikudziwa ana a sukulu amaikonda. Ndi kapulogalamu kaulere kopezeka pa webusaiti ya TechPowerUp, kamagwira pa Intel pokha, a AMD pepani. Ukatsegula nkuchotsa kachizindikiro pa bokosi la BD PROCHOT nthawi zambiri sipidi imabwerera pompopompo, zoona imagwira ntchito, ndipo ngati asayimenti ikufunika mawa m'mawa sindingakuletseni. Koma chomwe mwachita apo ndi kuitseka makutu pulosesa basi, tchaja ija ikadali yomweyo, ndiye ngati inali yochepa mphamvu tsopano mukuikoka kuposa zomwe ingathe, mudzaimva ikutentha kwambiri, batire mwina osadzadzabe, komanso mukazimitsa nkuyatsanso muyenera kuitsegulanso pokhapokha muiike mu Task Scheduler ya Windows kuti izitseguka yokha. Ine ndimaitenga ngati choyezera, ikathandiza ndiye ndatsimikiza kuti vuto ndi uthenga uja, kenako ndikasake chomwe chikuutumiza.

Pokagula tchaja ina, kaya mu msika wa Zomba momwemu kaya mwalowera ku Limbe, nyamulani laputopu yanu. Ibayeni pamaso pa wogulitsayo, lowani mu BIOS muone mawati, tsegulani Task Manager, gwedezani thambo pafupi ndi kamutu muone ngati sikudukiza. Akamakana zoyesa, tiyeni shopu ina.