Zikomo nonse: mwana wathu wabwerera m'bwalo, timu yawo yalowa chipulula cha NCAA

Abale ndi abwenzi, a kuno ku Maryland ndi a kumudzi, uthenga ndi uwu. Timu ya lacrosse (masewero oponyera kampira pogwiritsa ntchito ndodo zokhala ndi kaukonde) ya atsikana ya pa koleji imene mwana wathu amaphunzira yatenga chikho cha ligi yawo Loweruka lapitali, ndipo dzina lawo latuluka pa mndandanda wa matimu okapikisana pa dziko lonse mu mpikisano wa NCAA, bungwe loyendetsa masewero a makoleji kuno ku America, gawo lake lachitatu lotchedwa Division III. Kumapeto kwa sabata ino akwera basi kukasewera ndime yoyamba. Mwana wathu ali m'gulu la okwera basiyo, akuyenda wopanda ndodo zoyendera, yunifomu ili m'chikwama. Ine ndi bambo ake taona kuti kuyimbira munthu mmodzimmodzi sitimaliza, ndiye tithokoze pano poyera.

Kwa inu amene simutsatira masewerowa, makoleji a kuno amasewera m'maligi a m'zigawo, amene eni ake amati conference. Amayamba kumapeto kwa Febuluwale, kukadali chisanu choti makolo timaonera titafunda mabulangete, n'kumaliza kumayambiriro kwa Meyi. Timu yopambana fainolo ya ligi yake imalowa mu NCAA mosapempha munthu. Malo otsalawo amaperekedwa potengera mmene timu yachitira chaka chonse ndi kulimba kwa matimu amene inakumana nawo. Athuwa anagonja kangapo mu Malichi, moti khomo lachiwirilo linali lotseka kale. Loweruka kunali kupambana kapena kulongedza katundu. Anapambana ndi chigoli chimodzi chokha.

Ambiri mukudziwa za bondo. Chaka chatha mu Malichi, pa masewero wamba a pakati pa sabata, anaponda ndi phazi lakumanja kuti akhote, bondo n'kutsalira. Palibe anamugunda. Mtsempha wa mkati mwa bondo, umene madokotala amautcha ACL, unaduka. Anatifotokozera kuti umu ndi mmene umadukira kawirikawiri, popanda wokukhudza, ndiponso kuti zimagwera atsikana kwambiri kuposa anyamata osewera masewero ofanana. Nthawi zambiri mtsemphawu sausoka. Dokotala amadula kachidutswa ka mtsempha wina wa mwendo womwewo, n'kuboola fupa, n'kukamanga m'malo mwa wodukawo. Opaleshoni yake ndi ya tsiku limodzi, madzulo munthu ali kunyumba. Ntchito yeniyeni imayamba m'mawa mwake, ndipo imatenga miyezi 9 kapena kupitirira munthu asanaloledwe kusewera. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, anthu ophunzira kuyendanso ndawaona ambiri. Koma kuona mwana wa zaka 19, amene anali ndi liwiro loposa aliyense m'banja mwathu, akutuluka thukuta pofuna kungodzutsa mwendo pabedi, n'zina.

Woyamba kumuthokoza ndi athletic trainer wa timu, mayi amene amakhala m'mbali mwa bwalo ndi chikwama cha mabandeji ndi ayisi, amene dzina lake silitchulidwa pa chimkuzamawu. Ndiye anafika woyamba pamene mwana anagwa, ndiye anandiyimbira ndili ku ntchito, ndipo ndiyenso anakhala naye miyezi yonseyo m'kachipinda kopanda mazenera, kuyeza kuti bondo lapindika mpaka pati lero, ntchafu yabwerera bwanji. Mnofu wa ntchafu umafota msanga kwambiri ukachitidwa opaleshoni imeneyi, miyendo iwiri imaoneka ngati si ya munthu mmodzi. Mu Okutobala, anzake akuchita zokonzekera za nyengo yophukutika masamba, mwana ankadzimva kuti wachira ndipo analira kuti amulole. Mayiyu anakana. Anati adumphe ndi mwendo umodzi, ayeze, adumphe ndi winawo, ayezenso, ndipo mpaka miyeso iwiriyo itayandikana palibe zolowa m'bwalo. Mwana anakhala sabata yathunthu osamulankhula bwino. Mayi, munapirira mkwiyo umene sunali wanu, ndipo bondo lija lasewera nyengo yonse osatupa. Mulungu akudalitseni.

Kwa a kochi ndili ndi mawu ochuluka pang'ono, chifukwa pali chinthu chimene abale ambiri sachimvetsa. Kawirikawiri ndikati mwana amasewerera koleji, funso limene limabwera ndi lakuti, "Ndiye akumulipirira zingati?" Palibe, achimwene. Mu Division III malamulo salola kupereka ndalama za fizi chifukwa cha masewero. Thandizo limene mwana wathu amalandira ndi la kukhoza kwake m'kalasi ndi kuperewera kwa m'thumba mwathu, ndipo akanasiya lacrosse tsiku limene anavulala likanapitirira chimodzimodzi. Tanthauzo lake n'lakuti panalibe pepala lomumanga ku timu, ndipo panalibenso pepala lomanga timu kwa iye. A kochi akanatha kumufunira zabwino, n'kuyang'ana kwa atsikana atsopano amene amabwera chaka chilichonse. M'malo mwake anamupatsa bolodi ndi pensulo, kuti pa masewero alionse azilemba amene watola mpira pansi, amene wautaya, amene wapambana pakati. Anamusungira mpando m'basi ya timu ali ndi ndodo zoyendera. Ankamufunsa maganizo pa nthawi yopuma, anzake akumva. Mwana wovulala chimene chimamupweteka kwambiri si bondo, ndi kuona anzake akuseka nthabwala imene inachitika iye kulibe. A kochi anazidziwa zimenezi ife tisanazidziwe.

Tsopano ndifike pa mtsikana amene wandichititsa kulemba zonsezi. Kuti mumvetse zimene anachita, ndiyambe ndafotokoza ntchito ya mwana wathu m'bwalo.

Mu lacrosse ya atsikana mbali iliyonse imakhala ndi osewera 12, ndipo amasewera zigawo zinayi za mphindi 15. Aliyense ali ndi ndodo yokhala ndi kaukonde kumutu, konyamulira ndi kuponyera kampira kolimba ka labala. Poyamba masewero, komanso chigoli chikangolowa, mpira umabwerera pakati pa bwalo. Atsikana awiri amayang'anizana, amagundanitsa mitu ya ndodo zawo mpira utapanikizika pakati, ndipo wezulo ikalira amaukankhira m'mwamba. Amati draw. Amene munasewera ntchemberembaye mukudziwa kuti senta pasi imasinthana, lero inu kenako anzanu. Kuno ayi. Timu ikhoza kugoletsa, n'kupambananso draw, n'kugoletsanso, anzawo osaukhudza mpira n'komwe. Ukautenga uli ndi masekondi 90 oti uponye pagolo. Ndiye wotenga draw ndi munthu wofunika, ndipo malowo ndi amodzi. Asanavulale, anali a mwana wathu.

Atavulala, anapatsidwa kwa mtsikana wa chaka choyamba, wamtali, wa phee. Anachita bwino, bwino kwambiri moti ine ndili m'mbali mwa bwalo ndinkawomba m'manja mtima uli pena. Mwana wathu atalolezedwa kubwerera mu Januwale, manja ake anali ataiwala nthawi ya wezulo, ankachedwa pang'ono pokha, koma pa draw pang'ono pomwepo ndi zonse. Draw sungayeserere wekha, pamafunika mnzako wokankhana naye. Mtsikana uja ndi amene ankatsala naye anzawo onse atapita kukadya, mumdima ndi m'chisanu, kukankhana mpaka zala zitauma, n'kumamuuzanso pamene akulakwitsa. Ankadziwa bwino lomwe kuti akunola munthu wodzamulanda mphindi zake. Palibe anamutuma. Ine ndakhala m'dziko lino zaka zambiri, ndagwira ntchito ndi akuluakulu ambiri, ndipo ndikunena mosabisa kuti ochepa angachite zimenezi kwa munthu wolimbirana naye malo. Lero amasinthana: wina akakhala pakati, mnzake amaima pa mzere wozungulira kudikira mpira ukamatsika. Loweruka, zigoli zili zofanana ndipo nthawi ikutha, draw yomaliza anatenga ndi iyeyo, n'kuukankhira mbali imene mwana wathu anaima. Mwana anautola, ndipo chigoli chopambanira chinachokera pamenepo, chogoletsa ndi wina. Mwanawe, mayi ako ndinawakumbatira kale pabwalo, koma ndafuna kuti ndi a kwathu omwe amve za iwe. Pakhomo pathu ndi pako.

Makolo anzanga a timu, zikomo. Pano pali mwambo woti masewero akatha makolo amayala matebulo kuseri kwa magalimoto n'kudyetsa timu yonse. Chaka chonse chimene mwana wathu sanasewere, dzina lathu silinachotsedwe pa ndandanda, ndipo pamene ndinali pa shifiti ya usiku ena a inu munamutenga kupita naye ku fiziyo ngati wanu. Mandasi aja mwawapempha abwera, ndakanda ufa wokwanira basi yonse.

Ndisabise, masewerowa ndi odula, ndipo atsikana akuda ndi ochepa m'menemo. Ndodo, magalasi achitsulo oteteza maso, nsapato, zonsezo ndi ndalama, koma chodula kwenikweni ndi matimu a m'chilimwe amene makochi a makoleji amakaonerako ana, amene amadya madola masauzande pa chaka. Ife sitikanakwanitsa. Mwana wathu anayamba chifukwa ku Maryland lacrosse ili paliponse, boma linachita kuikhazikitsa mu 2004 kukhala masewero a timu a chigawo chino, ndipo aphunzitsi ena a ku sukulu yake ya boma anamuona akuthamanga n'kumupatsa ndodo yakale ya mwana wawo. Aphunzitsiwo anapuma ntchito, koma ndikudziwa kuti amawerenga tsamba langa mothandizidwa ndi kompyuta. Thank you yanu ndakulemberani padera.

Amalawi anzanga a kuno, amayi a Mvano a mpingo wathu, inu munabwera ndi mapoto a ndiwo sabata ya opaleshoni, ndipo bilu imene inshuwalansi inasiya munatithandiza kuichepetsa mosatichititsa manyazi. Ambiri a inu mpaka lero simudziwa kuti wezulo ikulirira chiyani, koma munabwera Loweruka ndi nthungululu zimene bwalo lija linali lisanamvepo. Oyimbira anachita kucheuka. Agogo ake ku Dedza, amene poyamba anafunsa kuti mwana wamkazi akuthamangiranji ndi ndodo m'malo mowerenga, ndi amene sanaphonye kutumiza pemphero pa WhatsApp m'mawa uliwonse wa masewero. Amayi, chemistry akukhoza, musade nkhawa. Atsibweni ake ku Area 25, zikomo chifukwa cha mabando amene mwawononga poonera mpira umene umaima mphindi iliyonse netiweki ikavuta.

Palinso ena amene sindidzakumana nawo, koma mwana wanga wandiphunzitsa kuwadziwa. Masewerowa ndi a eni nthaka a kuno, makamaka a Haudenosaunee a kumpoto kwa New York ndi ku Canada, amene amawaona kuti ndi mphatso ya Namalenga ndipo amasewera mpaka lero. Atsikana anayamba kusewera mu 1890 pa sukulu ya St Leonards ku Scotland, ndipo mayi wina amene anaphunzira kumeneko, Rosabelle Sinclair, ndi amene anayambitsa timu pa Bryn Mawr School ku Baltimore mu 1926, kuno kwathu konkuno. Lamulo la Title IX la 1972 ndi limene linakakamiza masukulu olandira ndalama za boma kuti asamasale atsikana, ndipo NCAA inayamba kupereka chikho cha lacrosse ya amayi mu 1982. Koma chithunzi chimene mwana wathu anamata pakhoma ali chigonere ndi cha Tina Sloan Green, mayi wakuda woyamba kukhala kochi wamkulu wa lacrosse ya amayi pa koleji, amene anatenga chikho cha NCAA ndi Temple University mu 1984 ndi 1988. Mwana akakhala yekha wakhungu lake m'bwalo lonse, zimathandiza kudziwa kuti wina anadutsapo kale n'kupambana.

Za kutsogoloku tisanamizane. M'chipulula muli zimphona. Middlebury ya ku Vermont inatenga chikho mu 2022, 2023 ndi 2024 motsatizana, ndipo Salisbury ya kuno ku Maryland inachitenga mu 2021. Athuwa ndi timu yaing'ono imene yalowa movutikira, ndipo ukagonja kamodzi watuluka. Amene afike kumapeto adzasewera fainolo kumapeto kwa Meyi. Komanso sabata ino ndi ya mayeso. Mwana wathu alemba pepala lina Lachinayi m'mawa, ndipo anzake ena akalembera ku hotela, woyang'anira atakhala pambali.

Pempho lathu ndi laling'ono. Musamuyimbire mwanayo sabata ino, mauthenga tumizani kwa ine kapena kwa bambo ake, tidzamuwerengera akamaliza. Popemphera mutchule mawondo a atsikana onse, a mbali zonse ziwiri. Masewero adzaonetsedwa pa intaneti, ndipo linki ndiika pa gulu la banja ikangotuluka. A kumudzi kumbukirani kuti muli patsogolo ndi maola 6, ndiye akayamba 1 koloko masana kuno, kwanuko ndi 7 koloko madzulo, tchajiranitu mafoni. A kuno amene mukufuna kupita, m'galimoto mwathu mwatsala malo a anthu awiri, ndipo tinyamuka Loweruka m'mamawa kwambiri.