Tsiku limene ndinatchula Jonah Lomu ku Wigan

Popeza nkhaniyi yafika kale pa gulu lathu la WhatsApp itapotozedwa, ndi bwino ndiifotokoze ndekha, ndipo ndiyambe ndi kutsutsa zoti buluku linang'ambika mpaka m'mawondo.

Madala awiri a m'bala ina ku Wigan, tauni ya ku England, anali atakangana kwa ola lathunthu za akatswiri a masewero a rugby. Wina ankati sanabadwe wofanana ndi Billy Boston, amene anagoletsera timu ya Wigan ma try (zigoli za mu rugby) 478 m'masiku amene osewera ankagwiranso ntchito zina m'kati mwa sabata. Mnzakeyo anakakamira pa Martin Offiah, amene timuyi inamugula ku Widnes mu 1992 pa mtengo wa mapaundi 440,000, nagoletsa ma try khumi m'masewero amodzi polimbana ndi Leeds. Woyambayo anayankha kuti Offiah akanavala nsapato za nthawi ya Boston, akanathamanga ngati ng'ombe yokoka ngolo.

Kenaka anandipempha kuti ndiweruze, ndipo ine, pokumbukira kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndinakhosomola mwaulemu n'kulengeza kuti onse awiriwo ndi ana kwa Jonah Lomu wa ku New Zealand.

Bala yonse inangoti zii. Wothira mowa anasiya tambula ikusefukira, ndipo ngakhale galu amene anagona pafupi ndi khomo anatukula mutu n'kundiyang'ana mwachisoni ngati wamva uthenga wa maliro. Lomu ankasewera rugby union, ya anthu 15, pomwe ya kuno ndi rugby league, ya anthu 13, ndipo masewero awiriwa anasiyana ukwati mu 1895 ku Huddersfield pa nkhani ya malipiro. Komatu tinene zoona, mpira wawo onse ndi wooneka ngati dzira, ndipo palibe amene anandiuza kuti mazirawo ali ndi mitundu.

Munthu wanzeru akanakhala pansi. Ine ndinakwapatira pie amene ndinkadya kukhwapa ngati mpira kuti ndiwaonetse mmene Lomu anapondera Mike Catt wa timu ya England ku Cape Town mu 1995. Ndinaponda kawiri, kachitatu ndinakumana ndi galu uja, ndipo pogwa buluku linalira kumbuyoku mokweza kuposa wailesi yakanema.

Mdala wa Boston anandiyang'ana ndili chafufumimba, ndipo potsatira lamulo la rugby league loti timu ikagwetsedwa kasanu ndi kamodzi imapereka mpira, anati, "Mwana wanga, wagwetsedwa kachisanu ndi chimodzi, pereka mpira kwa adani." Apa n'kuti galu atautenga kale, akuumaliza.

Ndinatuluka chammbali, jekete nditamanga m'chiuno, iwo akukangana ngati Boston akanamuzemba galuyo kapena akanangomudumpha.