Mapulamu a kuseri kwa nyumba, chaka chachinayi

Lero m'mawa ndathyola mapulamu omaliza mu mtengo wa Methley, ndiye ndati ndilembe za nyengo ino zisanandichoke m'mutu, poti mu Julayi ndidzafunika kudziwa mtengo woudula ndi wousiya. Ndili ndi mitengo itatu kuseri kwa nyumba kuno ku Chipata, cha kumtunda kumene mphepo ya Juni imafika isanatchingidwe ndi nyumba za anthu. Umodzi ndi Methley, wina Santa Rosa, ndipo wachitatu ndinaugula atandiuza kuti ndi Satsuma. Yonse itatu ndi yomezanitsa pa tsinde la pichesi.

Poyamba penipeni ndinkangofuna mtundu wokoma kuposa yonse, basi. Olima a ku England ukawawerenga amatamanda greengage, imene a ku France amaitcha Reine Claude, kuti ndi uchi weniweni. Ndinaifunafuna miyezi ingapo, ndipo ndikuthokoza kuti sindinaipeze, chifukwa ndikanaithirira madzi zaka zinayi popanda duwa. Mapulamu a ku Ulayawa amafuna kugona m'chisanu chachikulu. Alimi a zipatso amawerenga maola amene kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 7, ndipo mitundu ya ku Ulaya imafuna maola 700 kapena kuposa pamenepo. Mtengo ukapanda kuwapeza maolawo, maso ake sadzuka bwino nyengo yofunda ikafika. Chipata ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,100. Timati tazizidwa mu Julayi, timaotha mbaula, koma kachipangizo koyezera kuzizira kamene ndinakoleka panthambi sikanatsikepo pansi pa madigiri 9 chaka chino. Anzathu a ku Dedza, kutsidya kwa malire a Mwami, ali pa mamita pafupifupi 1,600, n'chifukwa chake mapichesi amawayanja chonchija. Ife kuno tiyenera kusankha mwa mapulamu amene amatchedwa a ku Japan, ngakhale kwawo kwenikweni ndi ku China, ndipo mwa iwonso tisankhe osafuna chisanu chambiri.

Santa Rosa ndi mtundu wodziwika padziko lonse. Anaupanga ndi Luther Burbank ku California, nautulutsa mu 1906, ndipo umafuna maola a chisanu 300 kapena kuposerapo. Wanga wakula bwino, thunthu ngati dzanja la munthu wamkulu, koma umadzuka mwaulesi. Ogasiti yense unali mbuu ngati wouma. Mu Seputembala nsonga za nthambi zinaphuka masamba, pakati pa nthambi n'kukhala pambalambanda, maluwa n'kumatuluka awiri lero, atatu sabata yamawa, mpaka kutentha kwa Okutobala kunawapeza n'kuwayoyola. Unagwira zipatso 11. Mbalame zinatenga zinayi.

Koma zisanu ndi ziwiri zotsalazo, abale, sindingazinyoze. Khungu lake ndi lowawasa ndithu, limaluma lilime, kenako mnofu wachikasu wofiirira cha kukhungu umabwera ndi kutsekemera ndi fungo limene limakhalitsa m'kamwa. Ukafika pafupi ndi nthanga kuwawasa kumabweranso pang'ono. Pulamu limodzi limakupatsa makomedwe atatu. Ndinadya limodzi nditaimirira pansi pa mtengo, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake anthu ausunga mtundu umenewu zaka zoposa 100.

Methley alibe mbiri yotere. Anachokera kuno kum'mwera kwa Africa, ku Natal, ndipo amakhutira ndi chisanu chochepa, maola 250 kapena kucheperapo. Safunanso mtengo wina woti umupatse mungu, amabereka yekha. M'katikati mwa Ogasiti unachita maluwa mtengo wonse nthawi imodzi, woyera mbee, njuchi zili ng'wee kuyambira dzuwa likangotuluka. Unagwira zipatso zambiri mwakuti ndinachita kupatulira pamene zinali ngati nsawawa, kusiya mpata wa zala zinayi pakati pa chipatso ndi chinzake. Chaka chatha ndinachita chisoni, sindinapatulire, ndipo ndinakolola timapulamu ting'onoting'ono tamadzimadzi. Mtengo uli ndi shuga wowerengeka, ukamugawa kwa ana ambiri aliyense amalandira pang'ono.

Chimene ndaphunzira kwambiri chaka chino ndi nthawi yothyola. Methley amafiira msanga, ndipo kufiirako kumanamiza. Oyamba ndinawathyola ali ofiira owala, olimba, ndikuganiza kuti apsera m'nyumba ngati mango. Anafewa, koma sanatsekemere, chifukwa pulamu likachoka mumtengo shuga wake sawonjezereka kwenikweni. Ndinasiya otsalawo masiku ena asanu ndi atatu mpaka anada, kufiira kwake n'kukhala ngati kwa jambula, ndi kaufa koyera pakhungu kamene kamafufutika ukapaka chala. Ukakanikiza pang'ono pafupi ndi kaphesi pamabonyoka, ndipo ukangolipotoza limagwera m'dzanja lokha. Pamenepo ndi chipatso china. Mnofu wofiira mpaka kunthanga, madzi oyenderera mpaka pachigongono, kutsekemera kopanda kuluma. Nthanga imakanirira ku mnofu, umachita kuiyamwa. Malaya anga oyera ali ndi banga limene sopo walephera.

Ndiye pano mpamene pali nkhani yonse ya kukoma. Mapulamu amene timagula m'masitolo akuluakulu amachokera kutali, ku South Africa, ndipo amathyoledwa ali olimba kuti apirire ulendo. Mtundu wake ungakhale wotchuka bwanji, sunapsere mumtengo. Methley wanga atapsa bwino amawaposa onsewo. Ndikawaika pambali pa Santa Rosa wopsa bwino, ndikuvomera, Santa Rosa ndiye wozama kukoma. Koma Santa Rosa wandipatsa asanu ndi awiri, Methley wadzaza beseni kawiri, ndipo ana adya mpaka kugawira aneba.

Kudikira kuti apsere mumtengo kuli ndi mtengo wake. Ntchentche za zipatso zimaboola khungu n'kuikira mazira, ndipo ukang'amba chipatso chooneka bwino umapeza timphutsi pafupi ndi nthanga. Ndinasoka timatumba ta nsalu ya neti yakale n'kumangirira nthambi zimene ndimafikira, zipatso zisanayambe kusintha mtundu. Zam'matumba zonse zinapulumuka. Zakumwamba zimene sindinafikire, pafupifupi theka zinali ndi mphutsi. Zogwa pansi ndimatola tsiku lililonse n'kuzikwirira mozama, chifukwa mphutsizo zimalowa m'nthaka n'kudzatuluka ntchentche zina.

Amai anabwera kuchokera kumudzi ku Katete sabata yatha, ndipo ndinawapatsa pulamu limodzi pambale. Asanalume analiika pakati pa zikhatho n'kuyamba kulifikisa, monga timachitira ndi nthudza kuti zisiye kumanga m'kamwa.

"Amai, limeneli safikisa, lingaphulike," ndinatero.

"Iwe mwana, chipatso chakuda chonchi osafikisa?"

Linaphulikadi. Ananyambita zala, n'kudya lachiwiri osafikisa, kenako anati, "N'zokoma, koma zilibe fungo ngati maula." Ndinakhala ndikuganiza mawu amenewo usiku wonse, chifukwa ananena zoona. Methley ndi wotsekemera koma fungo lake ndi lochepa. Amene anakula akutola maula pansi pa mtengo mu Okutobala amadziwa kuti chipatso chimayamba kukoma m'mphuno. Ndinamva chisoni kuti Santa Rosa anali atatha, ndikanakonda kumva chigamulo chawo.

Za kugoneka mitengo, popeza chisanu chathu n'chopereŵera, ndimaithandiza. Kumapeto kwa Meyi ndimasiya kuthirira. Mu Juni ndimapulula masamba onse otsala ndi manja, kuti mtengo udziwe kuti nyengo yatha. Ndimadulira mu Julayi, ndikupinda nthambi zoimirira kuti zigone chopingasa, poti nthambi yogona imaphukitsa maso ambiri kuposa yoloza kumwamba. Kuchiyambi kwa Ogasiti ndimathira manyowa ndi madzi ambiri kamodzi. Methley amayankha pasanathe masabata awiri. Santa Rosa amayankha mwa theka. Minda ikuluikulu imapopera mankhwala odzutsa maso otchedwa Dormex, koma ndi poizoni woopsa, ndipo pabwalo pamene ana ndi nkhuku zimayendapo sindingawabweretse.

Wachitatu uja ndiye wandikhumudwitsa. Satsuma weniweni, amene Burbank yemweyo anaitanitsa kuchokera ku Japan mu 1885, ali ndi mnofu wofiira ngati magazi ndipo amapanga jamu wabwino, koma sabereka yekha, amafuna mungu wa mtundu wina. Wanga amachita maluwa ochepa Methley atamaliza kale, ndipo tizipatso tiwiri timene tinagwira tinagwa tisanakule. Zaka zinayi, sindinalawe kanthu. Amene anandigulitsa sanandifunse kumene ndikukabzala, inenso sindinafunse za chisanu.

Mu Julayi ndidzaudula wachitatuwu kusiya nthambi zitatu zikuluzikulu, n'kumezanitsapo Methley pa ziwiri. Yachitatu ndikuisungira mtundu wina ngati ndingaupeze. Yunivesite ya Florida inatulutsa mapulamu a kumalo ofunda, monga Gulfruby ndi Gulfbeauty, ndipo ku South Africa kuli Harry Pickstone amene safunanso chisanu chambiri. Ndikufuna ndikafunse ku Msekera, kumalo a kafukufuku wa zaulimi kuno ku Chipata, ngati pali amene anayesapo iliyonse mwa imeneyi kuno kwathu. Santa Rosa sindimudula. Ndimupulula masamba msanga ndi masabata awiri kuposa chaka chino, ndipinde nthambi zake zonse, ndipo matumba oyamba a neti adzapita kwa iye. Zikadzapsa, ziwiri ndidzazikulunga m'pepala n'kukwera nazo basi ya ku Katete tsiku lomwelo.